X-ray Ikalosera, Ife Tichitapo Chiyani?

Kuno ku Katawa, mumzinda wa Mzuzu, mwezi wa Juni sunyengerera munthu. Nkhungu imagona pamalata mpaka dzuwa litakwera, anyamata a sakaramento amapalasa atavala majekete awiriawiri, ndipo usiku mbaula imalowa m'nyumba, zitseko ndi mawindo n'kutsekedwa. M'nyumba ina kuseri kwa kwathu muli mwana wamwamuna amene anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lobadwa sankalemera kuposa paketi ya shuga ndi theka. Anakhala m'chipatala milungu isanu ndi umodzi, timapaipi tili m'mphuno. Lero ali ndi miyezi isanu ndi itatu, amaseka, amakoka ndolo za mayi ake. Koma mukamuvula juzi muona kunsi kwa nthiti kukulowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya. Akamayamwa amalekeza panjira kuti apume kaye, thukuta lili mbuu pamphumi m'nyengo yozizira chonchi. Chimfine chimene mwana wa pakhomo loyandikana amachira m'masiku atatu, iye chimamugoneka m'chipatala, ndipo wagonekedwapo kale kawiri.

Agogo ake alibe chikaiko. "Ndi mphumu iyi, ya kuchimuna. Malemu agogo ake ankapuma chomwechi." Mayi ake satsutsa apongozi, koma tsiku lina anatulutsa kabuku ka kusikelo n'kundipatsa. "Achimwene, inu mumawerenga zolemba za adokotala. Tandiuzani, mwana wanga akudwala chiyani?" Ndinatsegula tsamba ndi tsamba. Kulemera kwake kunalembedwa, katemera analembedwa, chibayo chinalembedwa kawiri. Za mapapo amene anakhala milungu isanu ndi umodzi akukankhidwa mpweya panalibe ngakhale mzere umodzi.

Sindine dokotala, ndipo sindinganene matenda a mwana ameneyu. Koma pali matenda amene dokotala aliyense wa ana angawaganizire atamva mbiri yotereyi, ndipo dzina lake ndi bronchopulmonary dysplasia, mwachidule BPD. Mwana amayenera kukhala m'mimba milungu pafupifupi 40, ndipo mapapo ali m'gulu la ziwalo zokhwima mochedwa. Wobadwa pa milungu 28 kapena 30 amatuluka timatumba ta mpweya ta m'mapapo tisanakwane, komanso alibe timadzi tokwanira toterera totchedwa surfactant timene timaletsa timatumbato kumatana akatulutsa mpweya. Kuti akhale moyo amafunika mpweya wa okosijeni ndi makina omukankhira mpweyawo. Chowawa n'chakuti zomwe zikumupulumutsazo zimathanso kutupitsa ndi kusiya zipsera m'mapapo anthetewo, timatumba n'kuleka kukula bwino. M'maiko olemera, mwa ana khumi alionse obadwa milungu 28 isanakwane amene apulumuka, anayi kapena kuposerapo amatsala ndi vutoli. Ambiri amakula ndithu, koma zaka ziwiri zoyambirira zimakhala za kutsokomola, befu ndi kubwererabwerera m'chipatala.

Matendawa anayamba kuonekera pa chithunzi. Mu 1967 William Northway, dokotala wowerenga zithunzi za X-ray pa yunivesite ya Stanford ku America, pamodzi ndi anzake awiri anafotokoza za ana 32 amene anaikidwa pa makina opumira ndi kupatsidwa okosijeni wochuluka. Anaona kuti zithunzi za m'chifuwa mwawo zinkasintha motsata ndondomeko: poyamba mapapo ooneka ngati galasi lochita nthunzi, kenako oyera mbee, pamapeto pake odzaza timabowo ngati siponji. Chiyambire pamenepo madokotala akhala akufunsa ngati chithunzi cha sabata yoyamba kapena yachiwiri chingauze munthu kuti mwana uyu ndiye adzatsale ndi mapapo olumala. Masiku ano funsolo aliponyera kompyuta. Amaionetsa zithunzi mazanamazana za ana amene mathero awo akudziwika kale, kuti iphunzire kuzindikira zimene diso la munthu silingaone. Ofufuza a ku Tainan m'dziko la Taiwan anafalitsa ntchito yotereyi mu 2024, ndipo si okhawo. Nzeru zoterezi sizichedwa kuwoloka nyanja. Posachedwa wina adzatsika basi pa depoti ya Mzuzu, laputopu ili m'chikwama, n'kunena kuti wabwera ndi mlosi wa mapapo a ana.

Tisanamuombere m'manja tiyambe tafunsana tokha. Kodi ana amene angatsale ndi matendawa kuno kumpoto amafika pa msinkhu woti n'kuwapeza nawo? BPD satchulidwa tsiku lobadwa. Muyeso wodziwika kwambiri umati mwana ali ndi vutoli ngati akufunabe okosijeni kapena makina pamene milungu ya m'mimba ndi ya kunja kuno pamodzi yakwana 36. Ndiye kuti choyamba mwanayo ayenera kukhala moyo mpaka pamenepo. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 mwa 100 alionse. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 27 mwa 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira mwezi usanathe. Ambiri mwa obadwa osakwana kilogalamu imodzi, omwe ndiwo amadzaza ziwerengero za BPD ku Ulaya, kuno amatisiya m'masiku oyambirira chifukwa cha kuzizidwa, kubanika ndi matenda a m'magazi. Amaikidwa ndi amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda mwambo wa maliro, nthawi zina asanapatsidwe n'dzina lomwe. Nanga makina olosera za sabata ya 36 amuthandiza chiyani mwana amene safika tsiku lachitatu?

Wina atha kunena kuti basi, nkhaniyi si yathu, ndi matenda a anthu olemera. Ameneyo walakwitsa, ndipo chifukwa chake ndi chonyaditsa. Ku nazale ya Chatinkha pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala athu monga Kondwani Kawaza ndi Elizabeth Molyneux anagwirizana ndi akatswiri a yunivesite ya Rice ku America n'kupanga kamakina kotsika mtengo kokankhira mpweya m'mphuno mwa khanda, kamene kanapatsidwa dzina lathu lomwe, Pumani. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti ana 71 mwa 100 oikidwa pa kamakinaka anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa 100 opatsidwa okosijeni wamba. Kamakinaka kanafalikira m'zipatala zazikulu ndi zamaboma, ndipo mu 2019 ntchito ya NEST360 inawonjezerapo zipangizo zina ndi maphunziro. Njira ya kangaroo, yoika khanda pachifuwa pa mayi khungu kukhudza khungu, inayambira ku Bogotá mu 1978 ndipo inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mu 2021 kafukufuku wa m'maiko asanu, Malawi ali momwemo, anaonetsa kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa kunatsitsa imfa kuchoka pa 15.7 kufika pa 12 mwa 100. Ana amene kale tinkawataya lero akubwera kunyumba. Walira mvula walira matope, ndipo matope pano si anawo ayi, koma udindo umene wabwera nawo. Kodi Unduna wa Zaumoyo ukudziwa kuti mwa ana opulumukawa ndi angati amene akupuma movutika chaka chawo choyamba? Kodi m'kaundula wa chipatala chilichonse muli danga lolembamo kuti mwana anakhala masiku angati pa okosijeni? Ngati dangalo lilipo, amawerengera ndani pakutha pa chaka, ndipo amauza yani?

Ngakhale muyeso wa milungu 36 womwewo umafuna kuti tidziwe tsiku limene mimba inayamba. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Ambiri amadikira mimba ionekere, ena poopa maso a anthu, ena poopa mtunda. Sikani ya miyezi yoyambirira, yomwe imanena msinkhu wa mimba molondola, ndi ya amwayi ochepa. Tsono mzamba amayerekeza ndi tepi, ndi kukumbukira kwa mayi, ndi maonekedwe a makutu ndi mapazi a khanda. Kuphonya ndi milungu iwiri si chachilendo. Tiwerengera bwanji sabata ya 36 pamene sabata yoyamba sitikuidziwa? Onjezanipo kuti Mzuzu ili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mpweya ndi wopepukirapo. Khanda limene ku Nsanje likanachotsedwa pa okosijeni, kuno litha kumufunabe masiku ena. Kodi kompyuta yophunzitsidwa m'mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ikuidziwa Viphya?

Tibwere pa chithunzi chenichenicho. Malinga ndi kalembera wa mu 2018, chigawo chakumpoto chili ndi anthu opitirira 2 miliyoni, ndipo chipatala chachikulu ndi chimodzi, cha ku Luwinga muno mu Mzuzu chimene chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan n'kutsegulidwa mu 2000. Khanda lobadwira ku Chitipa, ku Karonga kapena pachilumba cha Likoma lili kutali nacho. Kujambula khanda la kilogalamu imodzi sikufanana ndi kujambula bambo wothyoka mwendo pa mpira. Pamafunika makina oyenda pa mateyala obwera pambali pa kabedi, chifukwa kuchotsa mwana wotere pamalo ofunda, kumuchotsa pa Pumani, n'kumudutsitsa m'khonde la mphepo kupita kuchipinda chojambulira, ndi kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha chithunzi. Pamafunika wojambula wodziwa kugoneka khanda mowongoka ndi kudina pamene lakoka mpweya, apo ayi mapapo abwinobwino amaoneka oyera ngati odwala. Pamafunikanso wowerenga, ndipo madokotala odziwa kuwerenga zithunzi m'dziko muno ndi owerengeka, ambiri mwa iwo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndi nazale zingati kumpoto kuno zimene zili ndi makina oyenda ogwira ntchito lero m'mawa? Akaonongeka, wokonza amachokera kuti, ndipo amatenga miyezi ingati? Usiku wa Loweruka wojambula amakhala mmodzi wa chipatala chonse, ovulala pa ngozi za pamsewu wa M1 akudikira, kodi khanda lili pa nambala chani pamzerewo? Mphamvu ya X-ray imodzi ya pachifuwa ndi yochepa, zoona, koma thupi la khanda ndi lanthete, ndipo palibe amene ayenera kulijambula kawirikawiri kuti kompyuta ipeze chakudya.

Sindikunena kuti kompyuta yowerenga zithunzi ndi bodza. Taiona ikugwira ntchito konkuno. Pa chipatala chaching'ono cha Bangwe ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anayesa pulogalamu yowerenga X-ray pofufuza chifuwa chachikulu mwa akuluakulu otsokomola, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, chaka chomwe bungwe la WHO linavomereza njirayi kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Koma taonani kusiyana kwake. Kompyuta ikakayikira chifuwa chachikulu, munthu amapereka makhololo, makina amatsimikiza, ndipo mankhwala aulere a miyezi isanu ndi umodzi ali pa shelefu. Chithunzi chimatsegula chitseko cholowera kuchipinda chimene muli thandizo. Chitseko chimene chithunzi cha khanda chidzatsegule chikulowera kuti?

Funso limeneli ndilo likundisowetsa tulo. Kumene kuli zonse, kulosera kuli ndi ntchito yeniyeni. Mankhwala a dexamethasone amachepetsa kutupa kwa mapapo a khanda ndipo amathandiza kulichotsa pa makina, koma akaperekedwa msanga kwa mwana amene sanali pa chiopsezo chachikulu amatha kuononga ubongo, mwana n'kukula ziwalo zili zolumala. Dokotala amayenera kuyeza zoopsa ziwirizi, ndipo mlosi wolondola amamuthandiza kudziwa mwana woyenera kulandira ndi woyenera kumusiya. Tsono dexamethasone ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zathu. Kodi mukuona msampha wake? Pulogalamu ikalakwitsa n'kuloza mwana wolakwika, mankhwala operekera cholakwacho tili nawo pafupi, pamene zina zonse zoteteza mwana tilibe. Adzayankhe mlandu ndani mwana akadzalephera kukhala tsonga, wogulitsa pulogalamu amene anakwera ndege kalekale, kapena namwino amene anabaya?

Ndipo kulakwitsa kwake si nthano. Mu 2018 ofufuza a ku New York anaonetsa kuti pulogalamu yophunzitsidwa kuzindikira chibayo pa zithunzi za chipatala china inkachepa mphamvu ikapatsidwa zithunzi za kwina, ndipo inkatha kuzindikira chipatala chimene chithunzi chachokera poona tizizindikiro ta m'mbali. Inkaphunzira chipatala m'malo mophunzira mapapo okha. Ganizirani tsono za makanda. Ku Taiwan kapena ku America khanda lodwalitsitsa limakhala ndi paipi yolowa kukhosi yochokera ku makina opumira otchedwa ventilator, ndipo paipiyo imaoneka pa chithunzi. Kompyuta yochenjera itha kungophunzira kuti paipi ndiye chizindikiro cha tsoka. Makanda athu ambiri alibe paipi imeneyo, osati chifukwa ali bwino, koma chifukwa ventilator palibe. Kodi sidzatiuza kuti onse ali bwino? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso china chimene ofufuza athu ayenera kuchiyang'anitsitsa. Ana amene Northway anafotokoza sanali ang'onoang'ono ngati a masiku ano a ku Ulaya. Ambiri anabadwa cha pa milungu 34, olemera makilogalamu awiri ndi kanthu, ndipo chimene chinaononga mapapo awo ndi okosijeni wochuluka ndi mphamvu ya makina. Okosijeni ndi mankhwala, ali ndi mlingo wake. Akachuluka amawotcha mapapo, amaononganso maso, monga zinachitikira makanda ambiri ku America m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, woimba Stevie Wonder ali mmodzi mwa iwo. Mlingo umadziwika ndi kachipangizo kopana kuphazi koyezera okosijeni m'magazi, ndipo wina ayenera kukayang'ana usana ndi usiku n'kumatsitsa kapena kukweza mpweya. Namwino mmodzi akamayang'anira makanda makumi awiri kapena atatu usiku, kachipangizo kali kamodzi koyenda nako bedi ndi bedi, chanzeru chimene angachite n'kutsegula mpweya wambiri kuti pasafe munthu. Sindimuimba mlandu, inenso ndikanatero. Koma kodi si kutheka kuti BPD yathu ikufanana ndi ya mu 1967 kuposa ya mu 2024, yogwira ana okulirapo, yoyamba ndi mpweya wosayezedwa? Ngati zili choncho, tigule chiyani choyamba, pulogalamu yolosera chilonda kapena tizipangizo tokwanira bedi lililonse ndi anamwino oti chilondacho chisachitike?

Zoteteza zina n'zodziwika kalekale. Mu 1972 Graham Liggins ndi Ross Howie a ku Auckland anaonetsa kuti jakisoni wopatsidwa mayi amene akuoneka kuti achira masiku asanakwane amakhwimitsa mapapo a mwana ali m'mimba. Ndi amayi angati ochokera ku Mpherembe kapena ku Usisya amene amafika nthawi yabwino kuti jakisoniyo agwire ntchito? Mu 2006 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Barbara Schmidt wa ku Canada, wa makanda opitirira 2,000, anapeza kuti mankhwala a caffeine anatsitsa chiwerengero cha ofunabe okosijeni pa sabata ya 36 kuchoka pa 47 kufika pa 36 mwa 100. Inde, caffeine yemweyo wa mu khofi, ngakhale woperekedwa kwa khanda ndi woyengedwa ndi woyezedwa mwapadera, choncho pasapezeke wothira khofi m'kamwa mwa mwana. Zimandiseketsa mowawa kuti chigawo chimene khofi wake wa ku Misuku ndi ku Phoka amatamandidwa kunja chili m'kontinenti imene zipatala zambiri zimagwiritsabe ntchito aminophylline, mankhwala akale ovuta mlingo, chifukwa caffeine wa makanda ndi wokwera mtengo. WHO inalimbikitsa caffeine mu malangizo ake a mu 2022. Kodi Central Medical Stores Trust imamugula mokwanira chaka chonse? Kodi pa shelefu ya nazale ya Rumphi alipo sabata ino? Phungu wathu wa Nyumba ya Malamulo anafunsapo funso limeneli, kapena lonjezo la ku Abuja la mu 2001, loti 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, timangolikumbukira pa misonkhano ya m'mahotela a kunyanja?

Tiyerekeze kuti zonse zayenda, chithunzi chajambulidwa bwino, kompyuta yanena zoona. Ndani akauze mayi, m'chilankhulo chanji, ndi mawu ati? Kuno mawu akuti kulosera ali ndi eni ake. Aneneri ali pa ngodya iliyonse, ndipo mlosi akanena anthu amamva kuti zatha, zalembedwa. Kompyuta sinena choncho. Imati mwa ana khumi okhala ndi chithunzi chotere, mwina asanu ndi awiri adzavutika. Atatu otsalawo ndi ana enieni, ndipo wa mayi uyu atha kukhala mmodzi mwa iwo. Kumasulira zimenezi m'Chitumbuka kwa mtsikana wa zaka 17 amene wachira dzana, mabere akuwawa, akugona pansi m'khonde, si ntchito ya mphindi ziwiri. Mukalakwitsa kanenedwe, banja litha kutaya mtima n'kupempha kuti lituluke naye akafere kunyumba, kapena kuthamangira kwa wina amene adzaloze chala azakhali. Taphunzitsa ndani kulankhula zimenezi?

Nanga mwana amene wafika sabata ya 36 akufunabe mpweya timutani? Ku London amapita kunyumba ndi silinda ya okosijeni, namwino n'kumamuyendera. Ku Katawa makina opangira okosijeni amafuna magetsi osazima, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene siteshoni ya Kapichira inaonongeka dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ndiye mwanayo amakhalabe m'chipatala, pa bedi limene makanda ena akulidikira, mayi ake atasiya ana ena ndi geni yake ya tomato. Ndani amawerengera mtengo umenewo?

Mafunso ena ndi athu eni mudzi, ndipo sindiwazemba. Mwana wa mapapo a zipsera amabwera m'nyumba imene makala a mbaula amanyeka usiku wonse mawindo ali otseka. Kuuza mayi kuti atulutse mbaula mu Juni n'kosavuta kwa amene ali ndi hita ndi mabulangete anayi, pakuti kuzizira nakonso kumapha khanda. Ngakhale ofufuza anadabwa: kafukufuku wamkulu wa ku Chikwawa ndi ku Karonga, wa ana opitirira 10,000, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017, anapeza kuti kugawa mbaula zamakono zochepetsa utsi sikunachepetse chibayo mwa ana. Utsi uli paliponse, wa zinyalala zotenthedwa, wa nyale, wa khitchini ya oyandikana nawo. Komabe pali zimene zili m'manja mwathu. Bambo wosuta angathe kukasutira kunja kwa mpanda. Alendo odzaona mwana, amene mwambo wathu umawalandira ndi manja awiri, angathe kusamba m'manja, ndipo wachimfine angathe kupereka moni ali pakhomo. Amayi a chigwirizano ndi a mvano amene amabwera khumi nthawi imodzi kudzapemphera m'kachipinda kamodzi, kodi sangapempherere pabwalo? Katemera wa chibayo analowa m'ndondomeko yathu mu Novembala 2011 ndipo ndi waulere. Kachilombo ka RSV, kamene kamagoneka makanda otere m'chipatala, tsopano kali ndi katemera wa mayi woyembekezera ndi jakisoni wa khanda m'maiko ena. Tidzayamba liti kufunsa kuti zifika liti kuno?

Ndikadakhala ndi mpando pa tebulo limene amagawirapo ndalama za kafukufuku, sindikadakana za zithunzi. Ndikadangosintha ndondomeko yake. Yunivesite ya Mzuzu ili ku Luwinga komweko, mtunda woyenda pansi kuchokera ku chipatala chachikulu, ndipo imaphunzitsa anamwino ndi azamba. N'chiyani chingalepheretse kuti khanda lililonse lotuluka mu nazale litakhala pa okosijeni masiku ambiri lilembedwe m'kaundula mmodzi, liyezedwe pa miyezi itatu, isanu ndi umodzi, chaka, zaka ziwiri, kuti tidziwe kuti ndi angati, akudwala motani, akumwalira angati? Zithunzi zimene zinajambulidwa kale pa zifukwa zina zisungidwe pamodzi ndi mbiri imeneyo. Pakatha zaka zingapo tidzakhala ndi poyesera pulogalamu iliyonse yobwera, n'kuiuza kuti talosera ana athu awa tione. Sikani ya mapapo nayo iyesedwe, chifukwa kamakina kake kamalowa m'thumba, kalibe mphamvu ya X-ray, sikafuna kusuntha mwana, ndipo kafukufuku wa maiko ena akuonetsa kuti nako kamalosera. Koma zithunzi za ana athu zikamatuluka m'dziko kukaphunzitsa makompyuta a makampani, mayi wavomera? Lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024 likuti chiyani pa chifuwa cha khanda? Pulogalamuyo ikadzakhwima ndi zithunzi za ku Mzuzu, adzatigulitsa pa madola angati?

Lachiwiri likubwerali mayi uja adzabereka mwana wake, kumufunditsa shawelo, n'kupita ku sikelo. Mlangizi wa zaumoyo adzamukoleka pa sikelo ya mbedza, adzalemba kadontho pa tchati, mwina adzati, "Amayi, mwanayu sakukwera bwino, muzimudyetsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro." Sadzadziwa kuti mwanayu amatha mphamvu zake popuma, chifukwa m'kabuku mulibe pamene panalembedwa. Mzere wake ndi waufupi: anabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, anakhala pa okosijeni masiku akutiakuti, akatsokomola aonedwe msanga. Cholembera chake ndi cha pa okala iliyonse. Amene amayenera kulemba mzere umenewo pa tsiku lotuluka m'chipatala ndi ndani, ndipo ndani anamuuza kuti ndi ntchito yake?